Chikumbumtima pa sikelo ya fodya ku Kasungu

Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma, boma la Kasungu limasintha maonekedwe. Malole odzaza mabelo amandanda mumsewu, m'magolosale mumayamba kuyenda ndalama, ndipo ngakhale mbale ya chopereka kutchalitchi imalemerako. Koma pali tsiku lina limene silimveka pawailesi, chonsecho mabanja ambiri amalidikira chaka chonse. Ili ndi tsiku lowerengera, pamene mwini munda amakhala pansi ndi amene adamulimira fodya, sikelo ili pambali, kope la ngongole lili m'manja.

Patsikuli sipakhala wapolisi, mlangizi wa zaulimi kapena mkulu wa ku ofesi ya zantchito. Woika giredi pa fodya ndi bwana, wowerenga sikelo ndi bwana, ndipo wokumbukira kuti chimanga cha mu January chidali cha ndalama zingati ndi bwana yemweyo. Wolimayo nthawi zambiri sadalembe kalikonse, mwinanso satha kuwerenga zimene zalembedwazo. Mboni imene yatsala ndi imodzi basi, nayonso ili m'chifuwa mwa bwanayo. Dzina lake ndi chikumbumtima.

Nkhaniyi ikukhudza mipingo chifukwa anthu ambiri a mbali ziwirizi ndi Akhristu. Si zachilendo kuona mwini munda ndi womulimira akupemphera m'tchalitchi chimodzi, wina pampando wa akulu a mpingo, wina pabenchi la kumbuyo. Funso n'lakuti, kodi zimene amamva Lamulungu zimafika pasikelo Lolemba?

Mmene utenanti udazikira mizu

M'nthawi ya ulamuliro wa Dr Hastings Kamuzu Banda, yemwe kwawo kudali ku Kasungu komweko, lamulo la mbewu zapadera silinkalola alimi wamba a m'midzi kulima fodya wa burley kapena wa flue-cured. Fodya wa ndalamayu adali wa maesiteti okhala ndi chilolezo. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 maesiteti adachuluka kwambiri m'zigwa za Kasungu ndi Mchinji. Ena adali a makampani akuluakulu monga General Farming, ena a nduna, aphungu ndi akuluakulu a m'boma.

Fodya wa burley amafuna manja ambiri. Pali kufesa ndi kuthirira nazale dzuwa likuswa mtengo, kugalauza ndi kupanga mizere, kuwokera mvula ikagwa, kupalira, kudula mphukira, kuthyola, kusoka, kuyanika m'chigafa, kusankha, mpaka kudinda mabelo. Pofuna kupewa kulipira antchito mwezi ndi mwezi, eni minda ambiri adasankha njira ya matenanti. Kapitawo ankapita kumaboma kumene malo olima ndi ochepa, monga Mulanje, Thyolo, Phalombe, Machinga ndi Mangochi, n'kubwerako ndi mabanja athunthu palole.

Kuyambira mu 1990 boma lidayamba kulola alimi ang'onoang'ono kulima burley. Izi zidatsegulira ambiri khomo la ndalama, koma utenanti sudathe. Udangotsika kuchoka kwa mabwana akuluakulu kufika kwa aphunzitsi, amalonda ndi alimi a m'mudzi amene nawonso adayamba kukhala ndi tenanti mmodzi kapena awiri.

Mgwirizano wake unkakhala wapakamwa. Bwana ankapereka munda, mbewu, feteleza ndi phoso la chimanga pamwezi, nthawi zina ndi kamchere. Zonsezi zinkalembedwa ngati ngongole. Tenanti akadwala n'kupempha ya kuchipatala, inkalowanso m'kope. Pakutha pa nyengo bwana ankagula fodyayo pamtengo woika yekha, n'kuchotsera ngongole zonse. Mabanja ambiri ankatsala ndi kandalama kosakwana ndi thiransipoti yomwe yobwererera kwawo, ndipo ena ankauzidwa kuti atsala ndi ngongole, choncho akhale chaka china. Umu ndi mmene anthu ena ochokera kummwera adakalambira m'timisasa ta udzu ku Kasungu.

Liwu la m'kati

Mawu akuti chikumbumtima ali ndi mtima m'kati mwake, ndipo Amalawi amawadziwa ngakhale asanalowe m'kalasi ya mpingo. Munthu akachita chinthu chankhanza osaphethira, timati alibe chikumbumtima, kapena alibe umunthu. Paulo, m'mutu wachiwiri wa kalata yake kwa Aroma, adaphunzitsa kuti ngakhale anthu amene sadalandire malamulo a Mose ali ndi lamulo m'mitima mwawo, ndipo maganizo awo omwe amawatsutsa kapena kuwavomereza.

Mipingo yonse ikuluikulu imene ili ku Kasungu imalemekeza mboni imeneyi. Msonkhano waukulu wa maepiskopi a Katolika wa Vatican II, umene udatha mu 1965, udafotokoza chikumbumtima ngati chipinda cha m'kati mwa munthu mmene amakumana ndi Mulungu popanda wina womuimira. Akhristu a CCAP ndi mipingo ina yochokera m'kukonzanso kwa mpingo amakumbukira Martin Luther, yemwe mu 1521, pamaso pa mfumu yaikulu mumzinda wa Worms ku Germany, adakana kubweza zimene adalemba ponena kuti chikumbumtima chake chidamangidwa ndi Mawu a Mulungu.

Komatu chiphunzitso chomwecho chimachenjeza kuti chikumbumtima chimatha kulakwa, kugona, ngakhale kufa ziwalo. M'kalata yoyamba kwa Timoteo muli chithunzi cha chikumbumtima chimene chatenthedwa ndi chitsulo chamoto mpaka chosamvanso kuwawa. Mlimi amachidziwa chithunzichi, pakuti dzanja lozolowera khasu limachita zikang'a moti minga siilimvanso.

Apa ndi pamene pagona vuto la m'minda ya fodya. Eni minda ambiri si anthu oipa mtima chibadwire. Adakula akuona abambo awo akuwerengera matenanti mwanjira imeneyi, anzawo onse amachita zomwezo, ndipo iwonso amadandaula kuti ogula ku okushoni amawadyera masuku pamutu. Mawu akuti "ndi mmene zimakhalira" ndiwo amagonetsa chikumbumtima tulo tofa nato. N'chifukwa chake Katekisimu wa Mpingo wa Katolika amati chikumbumtima chiyenera kuphunzitsidwa moyo wonse, ndipo munthu amene safuna dala kudziwa choona, poopa kuti chimusokoneza, sangazembe mlandu ponena kuti mtima wake sukumutsutsa.

Zimene Malembo amanena pa malipiro

Wowerenga Baibulo sangasowe chophunzitsira chikumbumtima chake pa nkhani ya antchito. Buku la Deuteronomo, mutu 24, limalamula kuti waganyu wosauka alipidwe tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, kaya ndi mbale kaya ndi mlendo wochokera kutali, chifukwa moyo wake wadalira pamalipirowo. Buku la Levitiko, mutu 19, limaletsa chinyengo pamiyeso ndi pasikelo. Mneneri Amosi adadzudzula amalonda opembedza amene ankangodikira kuti Sabata lithe kuti akachepetse muyeso, akweze mtengo, n'kugula munthu wosauka ndi ngongole yaing'ono.

Yakobo, m'mutu wachisanu wa kalata yake, ndiye adalasa penipeni. Iye adauza eni minda olemera kuti malipiro amene adamana okolola m'minda mwawo ali ndi pakamwa, akulira, ndipo kulirako Mulungu wakumva. Mwini esiteti wa ku Santhe kapena ku Chamama akawerenga ndimeyi sasowa womumasulira.

Pamene mpingo udayankhula

Dziko lino lidaonapo mphamvu ya chikumbumtima chikadzuka. Pa 8 March 1992, Lamulungu loyamba la nyengo ya Lenti, m'matchalitchi onse a Katolika mudawerengedwa kalata ya maepiskopi yotchedwa Living Our Faith, motsogozedwa ndi Arkiepiskopi James Chiona. Ambiri amaikumbukira chifukwa cha ndale, koma kalatayo idayankhulanso za m'thumba mwa munthu wamba. Idadandaula ndi kukula kwa mpata pakati pa olemera ndi osauka, kuchepa kwa malipiro a antchito, ndiponso mitengo yotsika imene alimi ankalandira pa zokolola zawo.

Maepiskopiwo adadziwa chimene ankaputa. Boma lidati kalatayo ndi youkira, apolisi adawapanikiza ndi mafunso, nyumba yosindikizira mabuku ya Montfort ku Balaka idatenthedwa, ndipo Monsignor John Roche, yemwe ankayang'anira dayosizi ya Mzuzu, adapitikitsidwa m'dziko muno mu April chaka chomwecho. Koma mawu adali atatuluka kale, ndipo pa 14 June 1993 Amalawi adavotera ndale za zipani zambiri.

Ufulu wa ndale utabwera, tenanti adatsalabe m'kamsasa kake. Bilu yoti iteteze matenanti idalembedwa m'zaka za m'ma 1990, koma idakhala m'madirowa zaka zambirimbiri osakhala lamulo. Ena mwa amene sadatope kuikumbutsa ndi bungwe la matenanti la Totawum komanso Centre for Social Concern, bungwe la ansembe a Missionaries of Africa ku Kanengo mumzinda wa Lilongwe, lomwe kwa nthawi yaitali lidatsogozedwa ndi Bambo Jos Kuppens. Kafukufuku amene bungweli lidatulutsa mu 2015 adati utenanti umasandutsa munthu ndi banja lake kukhala zipangizo chabe zopangira fodya.

Ana m'zigafa

Mbali yowawa kwambiri ndi ya ana. Tenanti ankapatsidwa munda woti munthu mmodzi sangauthe, choncho mkazi ndi ana ankalowa nawo m'munda popanda malipiro awoawo. Mu 2009 bungwe la Plan International lidatulutsa lipoti litacheza ndi ana ogwira ntchito m'minda ya fodya ku Kasungu, Lilongwe ndi Mzimba. Lipotilo lidati ana oposa 78,000 ankagwira ntchito m'maesiteti a fodya m'dziko muno, ena a zaka zisanu zokha. Lidatinso tsiku lachinyontho mwana wothyola fodya amatha kulowetsa m'thupi, kudzera pakhungu, mamiligalamu 54 a nicotine, zofanana ndi kusuta ndudu 50. Zotsatira zake ndi mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, zimene makolo ambiri ankangoti ndi malungo.

Lamulo la zantchito la chaka cha 2000 linkaletsa kale kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndiponso kugwiritsa wosakwana zaka 18 ntchito yoika moyo wake pachiswe. Koma zidatengera anthu akunja kuti nkhaniyi itekese akuluakulu. Pa 1 November 2019 dziko la America lidalamula kuti fodya wochokera ku Malawi azigwidwa pamadoko ake chifukwa cha malipoti a ntchito yokakamiza ndi ya ana. Chiletsochi chidafewetsedwa pambuyo pake kwa makampani a Alliance One ndi Limbe Leaf mu 2020, ndi Premium Tobacco mu 2021.

Mu December 2020 maloya a Leigh Day adakasuma kukhoti lalikulu ku London m'malo mwa alimi a ku Malawi ndi ana awo oposa 7,000, ponena kuti makampani a British American Tobacco ndi Imperial Brands adalemera ndi thukuta lawo. Makampaniwo adakana mlanduwo n'kupempha kuti uthetsedwe, koma mu June 2021 khoti lidakana pempholo. Chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo ya dziko lino idasintha lamulo la zantchito n'kuthetsa utenanti. Munthu wolimira mnzake fodya ayenera tsopano kukhala wantchito wolandira malipiro.

Komabe mu December 2022 akatswiri a zaufulu wa anthu a bungwe la United Nations adachenjeza kuti ngakhale utenanti udathetsedwa, ana adali kupezekabe m'minda ya fodya m'malo mokhala m'kalasi. Lamulo ndi lofunika, ndipo amene adalimenyera nkhondo adagwira ntchito yotamandika. Koma oyendera malo a ntchito ndi ochepa, minda ili kutali ndi msewu, ndipo n'kosavuta kusintha dzina la tenanti kukhala wantchito kope la ngongole lili lomwe lija. Kumene galimoto ya boma siifika, chotsala ndi mtima wa mwini munda.

Sikelo ili ndi mbali ziwiri

Kungakhale kukondera kunena kuti chikumbumtima n'chofunika kwa mabwana okha. Ogula fodya akhala akudandaula zaka zambiri ndi khalidwe loika fodya wabwino kunja kwa belo, m'kati n'kubisamo zinyenyeswa, fodya woola, mapulasitiki, mwinanso miyala kuti belo lilemere. Ena amawaza madzi pa fodya asanadinde. Belo lotere likagwidwa limabwezedwa, ndipo chikayikiro chimagwera ndi alimi achilungamo omwe.

Palinso wolima amene usiku amatulutsa fodya wa bwana m'chigafa n'kukagulitsa kwa mavenda, kapena kugulitsa feteleza amene adapatsidwa kuti athire m'munda. Palinso mlimi wa pakontirakiti amene amalandira zipangizo pangongole kukampani, fodya akacha n'kukagulitsa kumbali kuti asadulidwe. Aliyense ali ndi chifukwa chake. Tenanti amati akungotengeratu zimene bwana adzamubere, bwana amati akudziteteza kwa tenanti wakuba ndi kwa ogula ankhanza, ogula nawo amati mitengo imachokera kunja. Potsiriza aliyense amaloza chala amene ali pamwamba pake kwinaku akuponda amene ali pansi pake.

Pali kusiyana kumene sitiyenera kukubisa. Munthu amene wagulitsa mtolo wa fodya kuti agulire mwana mankhwala sangafanane ndi amene wamana banja lonse malipiro a chaka kuti agule galimoto yachiwiri. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo amene ali ndi sikelo ndi cholembera ndiye ali ndi mlandu waukulu. Komabe chiphunzitso cha Chikhristu chimati kuipa kwa mnzako sikusandutsa bodza lako kukhala choona.

Nanga mpingo wa pamudzi?

Miyezi ya msika wa fodya ndi imenenso mipingo yambiri imachita masika ndi kutolera ndalama za chitukuko. Matchalitchi ambiri a njerwa zootcha ndi malata m'boma la Kasungu adamangidwa ndi ndalama za fodya. Zimenezi zimaika mbusa, wansembe ndi akulu a mpingo pamayeso. Munthu amene wapereka malata a tchalitchi chonse ndi wovuta kumufunsa kuti antchito ake alandira zingati. Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Mabwalo a mipingo amadziwika ndi kuweruza milandu ya chigololo, mowa ndi mitala, ndipo anthu amaimitsidwa Mgonero pa zifukwa zimenezi. Ndi kangati pamene tidamva kuti mkulu wa mpingo waitanidwa chifukwa chomana wantchito malipiro, kapena chifukwa mwana wa tenanti wake wasiya sukulu? Ngati mpingo umangodzudzula machimo a kuchipinda n'kusiya a pasikelo, nkhosa zimaphunzira kuti Mulungu alibe nazo ntchito za m'kope la ngongole.

Akhristu ena adafika pokana fodya yense. A mpingo wa Seventh-day Adventist amalonjeza pobatizidwa kuti sadzasuta, kupanga kapena kugulitsa fodya, ndipo ambiri a iwo amalima mtedza, soya ndi chimanga m'malo mwake. Mipingo ina siiletsa, poona kuti fodya ndi amene wakhala akubweretsa gawo lalikulu la ndalama zakunja m'dziko muno ndipo waphunzitsa ana ambiri. Akhristu angathe kusiyana maganizo pa mfundo imeneyi moona mtima. Koma palibe mpingo ndi umodzi womwe umene umaphunzitsa kuti kubera wantchito n'kololedwa.

Ansembe a chipani cha Jesuit, amene amatumikira ku Kasungu ndipo adatsegulako sukulu ya sekondale ya Loyola mu 2015, ali ndi mwambo umene adawasiyira woyambitsa chipani chawo, Ignatius wa ku Loyola. Tsiku lililonse munthu amakhala chete kwa kanthawi, kuthokoza Mulungu, kenaka kuyenda m'maganizo m'tsiku lonselo ora ndi ora, kuona pamene wachita bwino ndi pamene walakwira mnzake, n'kutsimikiza chokonza mawa. Mwambowu sufuna digiri. Mlimi wa mpingo uliwonse angathe kuuchita atakhala pakhonde madzulo, kope lake lili pamwendo. Kodi mtengo wa chimanga umene ndalemba ndi umene unalidi pamsika tsiku limene ndinapereka? Kodi fodya uja ndinamuika giredi yotsika ndikamugulitsa pa giredi yomweyo ku Chinkhoma? Kodi mwana amene ndinamuona akusoka fodya Lachitatu m'mawa samayenera kukhala kusukulu ngati wanga?

Kulapa kokhala ndi manja

Chikumbumtima chimene chimangomupweteka munthu usiku, kukacha osasintha kanthu, n'chimodzimodzi mvula ya mabingu yopanda madzi. Uthenga Wabwino wa Luka umasimba za Zakeyu, wokhometsa msonkho wolemera wa ku Yeriko. Atalandira Yesu m'nyumba mwake adalonjeza kugawa theka la chuma chake kwa osauka ndi kubwezera kanayi aliyense amene adamulanda mwachinyengo. Mpingo wakhala ukuphunzitsa kuyambira kale kuti wakuba akalapa ayenera kubweza, pakuti mlandu suola.

M'minda ya Kasungu kubweza kotere kuli ndi maonekedwe odziwika. Ndi kulemba mgwirizano papepala m'Chichewa nyengo isanayambe, pali mboni ya mfumu kapena ya mpingo, aliyense n'kusunga lake. Ndi kulipira wantchito mwezi ndi mwezi monga lamulo likunenera, ndipo ngati thumba silikulola, kuchepetsa munda m'malo mochepetsa malipiro. Ndi kuwerenga kope mokweza pamaso pa mwini ngongole, kumulola kuona sikelo ndi maso ake, ndi kumuonetsa pepala la mmene fodya wayendera kumsika. Ndi kuonetsetsa kuti mwana aliyense wa pamundapo ali m'kalasi, ngakhale m'miyezi ya kuthyola. Kwa wolima, ndi kudinda belo limene m'kati mwake mukufanana ndi kunja. Ndipo kwa amene akudziwa kuti zaka zapitazo adabweza banja lina ku Mulanje chimanjamanja, masiku ano ndalama zimayenda pafoni.

Zonsezi zili ndi mtengo wake. Mwini munda wochita chilungamo angapeze phindu locheperapo kuposa mnzake woyandikana naye, ndipo ena angamuseke kuti sadziwa bizinesi. Maepiskopi a 1992 nawonso adalipira mtengo. Miphakati, magulu a Chigwirizano ndi mabwalo a akulu a mpingo ndi malo amene munthu wotere ayenera kupeza omulimbikitsa, komanso kumene wantchito wolakwiridwa angakadandaule popanda kuopa kuthamangitsidwa pamunda usiku womwewo.

Nazale zikayamba kubiriwira m'madambo a Bua ndi Dwangwa, mabanja enanso adzakhala akufika kudzafuna ntchito, ndipo makope atsopano adzatsegulidwa. Tsamba loyamba likadali loyera, imeneyo ndiyo nthawi yabwino yoti mwini munda adzifunse ngati zimene alembemo angadzathe kuziwerenga mokweza pamaso pa mpingo wonse.